Mwana akafunsa za Adamu ndi nsagwada ya ku Karonga: njira zisanu zomuyankhira

Mwana wa Fomu 4 akafika pa mutu wa chisinthiko cha zamoyo (evolution) m'buku la bayoloje, funso limafika kunyumba madzulo omwewo. Wanga anafunsa akutsuka mbale, maso ali pa mphika: "Bambo, zoona ndi ziti, za aphunzitsi kapena za abusa?" Ndalemba izi poganizira makolo, aphunzitsi a Sande sukulu ndi a madarasa, komanso akulu a mpingo amene funsoli likudza kwa iwo. Mayankho alipo angapo, ndipo eni ake amawatsatsa ngati ogulitsa mankhwala m'basi. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Yankho lililonse lili ndi ngongole yake, ndipo wobweza ngongoleyo nthawi zambiri ndi mwanayo, patapita zaka.

Ine ndine Mkhristu, ndipo mtima wanga uli ku njira yachinayi. Ndanena poyamba kuti muwerenge mukudziwa, ndipo ngongole yake sindiibisa.

Tiyambe taongola ziwiri

Chiphunzitso cha chisinthiko sichinena kuti nyani wa m'munda mwanu anabala munthu. Chimanena kuti anthu ndi anyani akuluakulu otchedwa chimpanzee anachokera kwa kholo limodzi limene linakhalako zaka 6 kapena 7 miliyoni zapitazo, monga mmene inu ndi msuweni wanu muli ndi agogo amodzi popanda wina kubala mnzake. Sichinenanso mmene kumwamba ndi dziko zinayambira, kapena mmene moyo woyamba unayambira. Chimafotokoza mmene zamoyo zimasinthira mibadwo ikamapita. Charles Darwin anatulutsa buku lake lotchuka mu 1859, chaka chomwe David Livingstone anafika pa nyanja yathu.

Ndikudziwa chifukwa chake mawu oti nyani amatipweteka. Mu 1906 mnyamata wa ku Congo, Ota Benga, anamuika m'khola la anyani ku Bronx Zoo ku New York kuti anthu azimuonera, ndipo ena ankadzilungamitsa ndi chisinthiko. Komatu tisaiwale kuti ena anagwiritsa ntchito nkhani ya Hamu mwana wa Nowa kulungamitsa ukapolo. Mbali zonse ziwiri zinagwiritsidwapo ntchito potinyoza. Zimene sayansi ikunena lero n'zakuti anthu onse, azungu ndi amwenye omwe, makolo awo anachokera mu Africa muno.

Miyeso yanga inayi

Mtengo: ndalama za mabuku ndi bandulo zilipo, koma mtengo waukulu ndi chimene muyenera kutaya kuti njirayo muigwire.

Kupezeka: kodi pafupi nanu pali munthu kapena buku lokuthandizani, m'chinenero chimene mwana akumva?

Kusamalira: yankho limene linakwanira mwana wa Sitandade 5 limafuna kuzira ngati nyumba akafika Fomu 4, ndipo limafuna kufoleranso akapita ku yunivesite. Njira zina zimadontha msanga.

Zoopsa: chimene chingasweke, kaya ndi mayeso, chikhulupiriro, kapena kukhulupirirana kwa mwana ndi kholo.

Njira yoyamba: masiku 6 enieni, dziko la zaka pafupifupi 6,000

Njirayi imawerenga Genesis 1 monga mmene alembera: madzulo ndi m'mawa, tsiku la maola 24. Zaka 6,000 zimachokera pa kuwerengetsa mibadwo ya m'Baibulo. Bishopu James Ussher wa ku Ireland, cha m'ma 1650, anapeza kuti chilengedwe chinachitika mu 4004 Yesu asanabadwe. Mafupa akale amene anasanduka miyala amati anakwiririka pa chigumula cha Nowa. Ganizoli linakula mphamvu ku America kuyambira 1961, pamene John Whitcomb ndi Henry Morris analemba buku la chigumula.

*Mtengo.* M'thumba ndi wochepa. Baibulo muli nalo kale. Koma chimene mukutaya n'chachikulu, chifukwa simukukana Darwin yekha. Mukukananso akatswiri a miyala amene amayeza zaka za dziko pogwiritsa ntchito uranium, mwala womwe uja amakumba ku Kayelekera, umene umasanduka mtovu pa liwiro lodziwika. Iwo amapeza zaka 4.5 biliyoni. Mukukana akatswiri a nyenyezi amene amati kuwala kwa mlalang'amba wa Andromeda kumatenga zaka 2.5 miliyoni kuti kufike m'maso mwathu. Mukukananso zimene zinatuluka m'nthaka yathu. Mu 1991, ku Uraha m'boma la Karonga, gulu lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza nsagwada ya cholengedwa chofanana ndi munthu, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. M'boma lomwelo munapezeka mafupa a Malawisaurus, chinyama cha khosi lalitali cha zaka zoposa 100 miliyoni. Ku Kabwe m'Zambia, mu 1921, okumba mgodi anapeza chibade chimene kuyeza kwaposachedwa kukuti chili ndi zaka pafupifupi 300,000. Mpaka pano chili ku London ndipo boma la Zambia lakhala likuchiitanitsa.

*Kupezeka.* Palibe njira ina yopezeka mosavuta chonchi. Ili pa guwa, pa wailesi, m'magulu a WhatsApp, ndipo ili m'Chichewa. Kwa a Seventh-day Adventist ndi chiphunzitso cholembedwa cha mpingo, chomangirira pa Sabata, popeza Eksodo 20:11 amalumikiza tsiku lopuma ndi masiku 6 a chilengedwe. Mabungwe ngati Answers in Genesis a Ken Ham ali ndi makanema ochuluka pa YouTube.

*Kusamalira.* Apa ndi pamene ntchito ili. Mwana akamakwera makalasi, chaka chilichonse amabwera ndi umboni watsopano, ndipo inu muyenera kukhala ndi yankho latsopano. Chenjerani ndi mayankho obwereka amene anatha kale ntchito. Ndamvapo kangapo anthu akunyoza carbon dating, njira ina yoyezera zaka za zinthu zakale, kuti inalakwitsa zaka za dinosaur, zinyama zakalekale ngati Malawisaurus, pamene njirayi sagwiritsa ntchito pa dinosaur n'komwe. Imafika zaka pafupifupi 50,000 basi. Mwana wakhama adzazindikira zimenezi pa foni m'mphindi zisanu. Palinso vuto la nsomba zathu. M'nyanja ya Malawi muli mitundu mazanamazana ya mbuna, utaka, chambo ndi abale awo, yambiri yosapezeka kwina kulikonse, ndipo akatswiri amati inachokera kwa makolo ochepa m'zaka pafupifupi miliyoni imodzi. Otsatira njirayi amayankha kuti nsomba idakali nsomba, ndipo yankholi lili ndi nzeru yake. Koma ngati zonsezi zinachitika chigumula chitatha, zaka 4,500 zokha zapitazo, ndiye kuti mukuvomereza chisinthiko chothamanga kuposa chimene Darwin analota.

*Zoopsa.* Mphamvu ya njirayi ndi yoti imasunga nkhani yonse pamodzi: Adamu weniweni, tchimo, imfa, Mpulumutsi. Koma choopsa chake chili pomwepo. Mukauza mwana kuti dziko likakhala lakale ndiye kuti Baibulo lonse ndi bodza, mwamangirira Yesu pa msinkhu wa miyala. Tsiku limene adzakhutire kuti miyala ndi yakale, angataye zonse limodzi. Ndawaona achinyamata otero, ndipo anachoka mwakachetechete, osatsutsana ndi aliyense.

Njira yachiwiri: dziko lakale, koma mtundu uliwonse wolengedwa pawokha

Apa "tsiku" la mu Genesis ndi nyengo yaitali. Amatchula Masalimo 90:4 ndi 2 Petro 3:8, pamene zaka chikwi zili ngati tsiku limodzi pamaso pa Mulungu. Amavomereza zaka za miyala ndi nyenyezi, koma amakana kuti munthu ali pa chibale ndi nyama.

*Mtengo.* Wapakatikati. Mumataya tsiku la maola 24, mumasunga Adamu wolengedwa mwachindunji. Ndi aphunzitsi a jogalafe mumakhala pa mtendere, mkangano umatsala ndi a bayoloje okha.

*Kupezeka.* A Mboni za Yehova amaphunzitsa zofanana ndi izi, kuti masikuwo anali nyengo zazitali, ndipo timabuku tawo tili m'Chichewa chosavuta. Asilamu ambiri ophunzira amaimanso chapafupi pano: Korani imanena za masiku 6, koma imanenanso za tsiku lofanana ndi zaka 1,000, ndipo chimene ambiri safuna kusiya ndi kulengedwa kwapadera kwa Adamu. M'mipingo ina mulinso akulu ambiri amene amaganiza chonchi osadziwa kuti ganizoli lili ndi dzina.

*Kusamalira.* Zigamba ziwiri zimafunika kusokedwa kawirikawiri. Choyamba ndi ndondomeko. Mu Genesis 1 zomera zikubwera tsiku lachitatu, dzuwa lachinayi. Mbalame zikubwera nyama za pamtunda zisanabwere. M'miyala, zokwawa za pamtunda zimaoneka kale mbalame zisanaoneke, ndipo nsomba zimayamba kale mitengo ya zipatso isanabwere. Kutalikitsa masiku sikukonza ndondomekoyi. Chachiwiri ndi DNA, malangizo a m'maselo a thupi amene timatengera kwa makolo. Munthu ali ndi ma chromosome, timitolo ta DNA, awiriawiri okwana 23, chimpanzee ali ndi 24. Akatswiri atayang'ana chromosome yachiwiri ya munthu anapeza kuti ndi ziwiri zolumikizana, zofanana ndi ziwiri za chimpanzee, ndipo msoko wake ukuoneka pakati. Mwana amene adzaphunzira udokotala kapena zaulimi adzakumana ndi umboni wa mtundu umenewu.

*Zoopsa.* Mumamenyedwa mbali zonse: a njira yoyamba amati mwagonja, a sayansi amati mwaima pakati pa mlatho. Komabe pa chikhulupiriro cha mwana, njirayi siphulika mwadzidzidzi ngati yoyamba ija.

Njira yachitatu: "pali Wokonza waluso"

Dzina lake lodziwika ndi intelligent design. Michael Behe, katswiri wa sayansi wa ku America, analemba mu 1996 kuti tizigawo tina ta m'maselo, monga kamchira kamene mabakiteriya amasambirira, n'tolukana kwambiri moti sitikanapangika pang'onopang'ono.

*Mtengo.* Wochepa pa chiphunzitso, chifukwa njirayi sitchula Genesis kapena zaka za dziko. Ambiri amadabwa akamva kuti Behe yemweyo amavomereza kuti dziko ndi lakale ndiponso kuti anthu ndi anyani ali ndi kholo limodzi.

*Kupezeka.* Pafupifupi zonse zili m'Chingerezi chovuta, pa intaneti, kuchokera ku bungwe la Discovery Institute ku Seattle. Kumudzi simuipeza.

*Kusamalira.* Muyenera kutsatira kafukufuku nthawi zonse, chifukwa mpata umene munaikamo Mulungu ungatsekedwe chaka chamawa.

*Zoopsa.* Mu 2005, pa mlandu wa sukulu za ku Dover ku Pennsylvania, woweruza John Jones anagamula kuti chiphunzitsochi si sayansi ndipo sichingaphunzitsidwe m'kalasi ya bayoloje ya boma. Uwo ndi mlandu wa malamulo a ku America, satimanga ife. Chimene chimandidetsa nkhawa ine n'chakuti Mulungu wa njirayi amachepa sayansi ikamakula. Amene anachenjeza za ichi kalekale ndi Henry Drummond, mlaliki wa Free Church of Scotland, mpingo womwe unayambitsa mishoni ya Livingstonia. Iye anafika kunyanja kwathu kuno mu 1883, ndipo pambuyo pake anadzudzula Akhristu amene amasakasaka mipata m'chilengedwe kuti aikemo Mulungu, ngati kuti Mulungu amakhala m'mipata mokha.

Njira yachinayi: Mulungu analenga, ndipo chisinthiko ndi mmene anagwirira ntchito

Njirayi imati Genesis akuyankha funso loti ndani ndi chifukwa chiyani, sayansi ikuyankha loti motani ndi liti. Mlimi akapemphera kuthokoza Mulungu chifukwa cha mvula sakana kuti mitambo imachokera ku nthunzi ya m'nyanja. Davide anati Mulungu anamuumba m'mimba mwa amayi ake, ndipo palibe mzamba amene amaona kuti vesili likutsutsana ndi sikelo.

Makolo athu ankadziwa kumva nkhani za chiyambi mwa njira imeneyi. Achewa amanena za Kaphirintiwa, ku mapiri a Dzalanyama, kumene Chauta anatsikira ndi mwamuna ndi mkazi ndi nyama, mapazi awo n'kudinda pa thanthwe lidakali lofewa. Wofotokoza nkhaniyi ankaphunzitsa kuti ndife a Chauta ndiponso kuti kale tinkakhala mwamtendere ndi nyama. Sindikuti Genesis ndi Kaphirintiwa ndi zofanana ulemerero. Ndikungoti khutu lomva nkhani yozama popanda kuifunsa deti tinali nalo kale.

*Mtengo.* Si wochepa, ndipo amene amati ndi waulere akunama. Muyenera kuvomereza kuti imfa ya nyama inalipo zaka mamiliyoni munthu asanachimwe, ndiye Aroma 5:12 muziwerenga kuti akunena za imfa ya munthu ndi kulekana kwake ndi Mulungu. Muyeneranso kulimbana ndi funso la Adamu, chifukwa akatswiri a DNA amati makolo a anthu sanachepe kufika pa awiri okha, anali gulu la zikwi. Ena amati Adamu anali munthu weniweni amene Mulungu anamusankha pakati pa gululo, monga mfumu imaimira mudzi. Ena amati dzinali likuimira anthu onse. Palibe yankho pa awiriwa limene limakhala bwinobwino pa 1 Akorinto 15:22 popanda kulimbana nalo. Ine ndimalimbana nalo mpaka lero, ndipo mwana wanga ndinamuuza choncho.

*Kupezeka.* Kwa Akatolika khomo ndi lotsegula. Papa Pius XII mu 1950 analola kufufuza zoti thupi la munthu linachokera ku zamoyo zina, bola mzimu ukhale wolengedwa ndi Mulungu mwachindunji, ngakhale anakana ganizo la makolo oyamba ambiri. Papa John Paul II mu 1996 ananena kuti chisinthiko chaposa pa kungokhala ganizo longoyerekeza. Wansembe wa ku Belgium, Georges Lemaître, ndi amene anayambitsa ganizo la mmene thambo lonse linayambira, limene lero limatchedwa Big Bang. Kwa Achipulotesitanti kuli Francis Collins, amene anatsogolera ntchito yowerenga DNA yonse ya munthu, n'kuyambitsa bungwe la BioLogos. Vuto ndi lakuti zolembedwa zambiri zili m'Chingerezi, ndipo pa guwa simuimva kawirikawiri. Mudzafunika kumasulira nokha pa mkeka.

*Kusamalira.* Ku mbali ya sayansi ntchito ndi yochepa: fupa latsopano likapezeka ku Karonga simutaya tulo. Umboni winanso uli m'chipatala mwathu momwe. Mu 1993 Malawi inakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine chifukwa tizirombo ta malungo tosamva mankhwalawa tinali titachuluka. Tinapita ku Fansidar, nayenso anafooka, ndipo mu 2007 tinayamba LA. Chodabwitsa n'chakuti patapita zaka zoposa 10 chisiyireni chloroquine, kafukufuku ku Blantyre anapeza kuti tizirombo tomva mankhwalawa tabwereranso. Ndiko kusankha kwa chilengedwe kumene buku la Fomu 4 likunena, ndipo ndi chifukwa chake adokotala amaumirira kuti mumalize mankhwala. Ntchito yaikulu ya njirayi ili ku Baibulo. Muyenera kuliwerenga mozama kuposa kale, kuona chifukwa chake Genesis 1 ndi Genesis 2 akufotokoza m'ndondomeko zosiyana, ndi kuphunzitsa mwana kusiyanitsa ndakatulo, mbiri, fanizo ndi kalata.

*Zoopsa.* Ziwiri. Mu mpingo wina mudzaonedwa ngati mwalowerera, ndipo udindo ungakuchokeni. Chachiwiri n'chobisika: mwana waulesi angamve kuti "zonse ndi mafanizo" n'kufika nazo mpaka pa manda opanda kanthu. Muyenera kumuonetsa chifukwa chake Luka, amene akutchula mayina a mafumu ndi abwanamkubwa a nthawi yake, sawerengedwa ngati Genesis 1. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, zaka 1,400 Darwin asanabwere, anachenjeza kuti Mkhristu akamalankhula zosadziwa za nyenyezi ndi nyama n'kumati ndi Malemba, akunja amaseka Malembawo. Iye sankawerenga masiku 6 ngati masiku wamba, koma kuuka kwa akufa ankakukhulupirira ndi mtima wonse.

Njira yachisanu: "lemba za aphunzitsi, khulupirira za abusa"

Iyi ndi imene mabanja ambiri amatsata, ngakhale palibe amene amailalikira.

*Mtengo.* Lero ndi waulere.

*Kupezeka.* Nyumba iliyonse.

*Kusamalira.* Palibe chochita, bola mwana asafunsenso.

*Zoopsa.* Mapanga awiri avumbwitsa. Mwana amaphunzira kuti n'zololedwa kulemba pa pepala chinthu chimene akuchiyesa bodza kuti apeze mapointi, ndipo phunziroli silithera pa bayoloje. Amaphunziranso kuti chikhulupiriro ndi chinthu chosalimba, chofunika kuchibisa ku mafunso. Akakumana ku koleji ndi mnzake wonena kuti sayansi yatsimikiza kuti kulibe Mulungu, alibe poyambira, chonsecho mawu amenewo si sayansi. Palibe chipangizo cha mu labotale chimene chinayezapo kuti Mulungu aliko kapena kulibe.

Njira iti kwa yani

Ngati mayeso a MSCE atsala miyezi iwiri, musatsegule mkangano wonse tsopano. Muuzeni mwana kuti a MANEB akufunsa zimene chiphunzitsocho chimanena ndi umboni wake, ndipo kufotokoza molondola ganizo la munthu wina si kunama. Kenaka mulonjezeni tsiku lokambirana mayeso akatha, ndipo tsikulo mulisunge. Mukatero mwabwereka njira yachisanu kwa kanthawi popanda kukhalamo.

Ngati ndinu wa mpingo umene masiku 6 enieni ndi chiphunzitso cholembedwa, ndipo mukuchikhulupirira, phunzitsani njira yoyamba moona mtima. Nenani kuti mukuigwira chifukwa cha Malemba, vomerani kuti akatswiri ambiri a miyala ndi a bayoloje amaona mosiyana ndipo si onse osapemphera, ndipo musamuuze mwana kuti chipulumutso chake chili pa zaka za dziko.

Ngati zaka mamiliyoni sizikuvutani koma Adamu wolengedwa mwachindunji simungamusiye, kaya ndinu Mkhristu kapena Msilamu, njira yachiwiri ndi nyumba yokhalika. Dziwani chabe kuti funso la DNA lidzagogoda.

Njira yachitatu ndi ya wophunzira wa ku yunivesite wokonda kutsutsana, amene Chingerezi ndi bandulo sizimuvuta. Kwa ana a Sande sukulu sindingaipereke.

Ngati mwana wanu akulota udokotala, unamwino, zaulimi ku LUANAR kapena za nsomba, adzagwira ntchito ndi chisinthiko tsiku ndi tsiku, pa tizirombo tosamva mankhwala, pa mbewu, pa chambo. Kwa iye ndikulangiza njira yachinayi, ndipo muiyambe adakali pakhomo, pamene mafunso a Adamu angawafunse kwa inu.

Kwa mphunzitsi wa bayoloje amene ndi mkulu wa mpingo, kapena gulu la achinyamata limene lagawanika pa nkhaniyi, musanasankhe sonkhani ya basi. Ku Karonga kuli nyumba yosungiramo zakale imene inatsegulidwa mu 2004, ndipo chifanizo cha mafupa a Malawisaurus chaima m'menemo. Amene Karonga yawatalikira apite ku Cape Maclear akaone mbuna m'miyala. Tengani Baibulo, mukawerenge Genesis 1 ndi Masalimo 104 pomwepo, kenaka mulole wamng'ono pa onse ayambe kufunsa.